Mwasamuka, Inde, Koma Ana Azisewera Kuti?

Tikamasaka nyumba ya lendi mu Blantyre muno, mafunso athu ndi odziwika kale. Madzi amatuluka kangati pa sabata? Mita ya magetsi ndi yanu nokha kapena yogawana ndi a landilodi? Siteji ya minibasi ili patali bwanji? Netiweki imagwira m'nyumba kapena mpaka munthu ukaime pachulu? Tikakhutira timalipira ya miyezi itatu, kupeza lole, basi tasamuka. Funso lomwe sindinamvepo munthu akufunsa ejenti ndi ili: kodi ana azisewera kuti?

Chonsecho pa kusamuka, otaya zambiri ndi anawo. Ife akuluakulu anzathu timasamuka nawo m'thumba. Gulu lathu la pa WhatsApp silidziwa n'komwe kuti tasintha dera. Koma mwana anzake amakhala a kuseri kwa nyumba, a pa mjigo, a njira ya kusukulu. Lole ikangonyamuka, onsewo atsala.

Ndidaziona ndekha m'mwezi wa Ogasiti, titachoka ku Machinjiri kubwera ku Zingwangwa pamodzi ndi achemwali anga ndi ana awo awiri, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 6. Nyumba yatsopanoyi ndi yabwino ndithu, ya mpanda ndi geti lachitsulo, koma pabwalo ndi pa simenti pongokwana chingwe choyanikira zovala. Sabata yoyamba anawo ankangokanganirana foni ya mayi awo. Tsiku lina wamng'onoyo adandifunsa, "Ankolo, kuno kulibe ana eti?"

Loweruka m'mawa ndidawauza kuti avale nsapato, tikazonde dera. Google Maps siidziwa kumene ana amasewera, ndiye ndidafunsa mayi wina wogulitsa mandasi pamphambano. Adaseka n'kuloza ndi mlomo: "Tsikani ndi kanjira aka, achimwene, phokoso likulondolerani."

Tidapezadi kabwalo ka fumbi kuseri kwa nyumba zingapo. Panalibe katungwe kapena chikwangwani. Zigoli zinali miyala, mpira unali wachikulunga, wa majumbo omangidwa ndi zingwe. Chakumbali atsikana anali pa fulaye, ena atakhala pansi akuchita phada. Mtsikana wathu adaima pambali manja ali kumbuyo, mpaka timu ina itaperewera munthu. Palibe adamufunsa dzina kapena kumene wachokera. Adangomuuza kuti, "Iwe, lowa." Mnyamatayo zidamutengera nthawi. Adakangamira mwendo wanga kufikira pamene mnzake wina adadutsa ndi galimoto ya mawaya, nayenso n'kuyamba kuitsatira. Pobwerera anali akudziwa mayina a ana asanu, pomwe ine ndidali ndisanadziwe ngakhale la neba wathu.

Loweruka lotsatira tidapita ku paki yeniyeni ya mbali yathu ino, Njamba Freedom Park. Ambirife Njamba timaidziwa ngati malo a misonkhano ya ndale ndi mapemphero akuluakulu, moti timaiwala kuti tsiku wamba ndi bwalo lotakasuka lomwe mwana angathamange mpaka kutopa osagunda mpanda wa munthu. Ndidawauza kuti pamalo pomwepa mu 1989 Papa John Paul II adachititsa Misa, khamu la anthu litadzaza bwalo lonse. Mtsikana uja adawerengera zala n'kupeza kuti ngakhale mayi ake anali asanabadwe. Mng'ono wake za Papa analibe nazo ntchito, ankangofuna tipikisane liwiro.

Chomwe ndidakonda kwambiri n'chakuti pamalo otseguka chonchi mzinda umaoneka. Ndidawalozera phiri la Soche n'kuwauza kuti kwathu tsopano ndi kumunsi kwake. Ndidawaonetsanso la Ndirande. Mwana akadziwa phiri la kwawo, amayamba kumva kuti ali penapake, ndipo tsiku lina akadzasokera adzadziwa koyang'ana.

Ena anganene kuti kusewera ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi lendi ndi fizi. Koma bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku. Pabwalo la simenti lokwana chingwe cha zovala mphindizo sizingakwane. Ndipo Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la mu 1989, lomwe Malawi adavomereza mu 1991, pa gawo 31 limanena za ufulu wa mwana wopuma ndi kusewera. Pa fulaye ndi pomwe mwana amaphunzira kudikira nthawi yake, kugonja osalira, kukangana n'kugwirizananso popanda wamkulu woweruza. Izi katuni ya pa YouTube singamuphunzitse, ngakhale bandulo itakhala ya mwezi wathunthu.

Komabe si bwalo lililonse lomwe mungangomusiyapo mwana. Ulendo woyamba pitani naye wapansi, mukuona njira ndi maso ake. Awoloka msewu kangati? Njinga zamoto za kabaza zimadutsa pati? Pali malo omwera mowa pafupi? Yang'anani pansi ngati pali magalasi osweka, misomali kapena dzenje losakwirira. Onaninso amene amasewera pamenepo ndi nthawi yake, chifukwa mabwalo ambiri madzulo amalandidwa ndi anyamata akuluakulu a mpira. Dziwanani ndi wamkulu mmodzi wokhala kapena wochita geni pafupi, ndipo mwana adziwe kuti zikavuta athamangire kwa ameneyo. Nambala yanu ya foni ailoweze pamtima ngati nyimbo.

Nyengo ya mvula ili ndi malamulo akeake. Mzinda wathu ndi wa mapiri ndi timitsinje, ndipo kangalande kouma mu Okutobala kamatha kukokolola mwana mu Januwale. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa mowawa, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidasesa nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Ngati bwalo lili m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, kumwamba kukangoda mwana abwerere kunyumba.

Dera lililonse lili ndi pake. Wa ku Chilomoni ali ndi phiri la Michiru pakhomo, loti n'kupita ndi ana Loweruka kukaona mitengo ndi mbalame. Wa ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri sangasowe bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, bola kupempha eni ake. Tsiku lomwe m'thumba muli kenakake, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ili ndi injini yakale ya sitima panja, yomwe ana amaiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti timabwalo ta fumbi tija tikutha. Aliyense wokulira m'matauni athuwa akhoza kukulozerani pamene ankasewera mpira, lero pali nyumba, shopu kapena mpanda wa njerwa. Malo oonekera ngati opanda ntchito sachedwa kupeza mwini. Bwalo lomwe makolo amalidziwa, kulisesa ndi kulitchula pa msonkhano wa mfumu kapena wa khansala ndi lovuta kulilanda mwakachetechete. Lomwe amalidziwa ana okha limangopezeka m'mawa wina atakhomapo zikhomo.

Ndiye ngati mukusamuka kumapeto kwa mwezi uno, makatoni ena akhoza kudikira. Makatani mudzapachika Lamlungu. Loweruka loyamba gwirani ana padzanja, funsani wa mandasi, tsatirani phokoso. Ndipo ngati mukadali kusaka nyumba, ejenti akamaliza kukuonetsani matailosi a kubafa, mufunseni kuti ana a m'derali amasewera kuti. Akayamba kukanda m'mutu, tulukani mukazungulire nokha musanapereke ndalama.