ZA KU MAIKO ENA: Nthano za Mlezi Pakhomo la Mfumu

Mwezi uno tiyendere limodzi ku Palermo, mzinda waukulu wa pa chilumba cha Sicily m'dziko la Italy.

Kumeneko, patsinde pa phiri la Pellegrino, pali nyumba yachifumu yotchedwa Palazzina Cinese. Mfumu Ferdinand itathawa nkhondo ku Naples, inalamula m'chaka cha 1799 kuti aimangire nyumbayi motengera mamangidwe a ku China. Munthu wamba sakanayerekeza kupondamo phazi.

Koma chinthu chodabwitsa chinachitika m'chaka cha 1935. M'nyumba za pambali, zimene kale zinali zotumikira banja lachifumu, anasamutsiramo katundu wa anthu osauka: mbiya, zovala zakumudzi, zipangizo za alimi ndi asodzi, ngolo zojambulidwa zithunzi ndiponso zidole za masewero. Katunduyu anachokera m'nyumba yosungiramo miyambo imene Giuseppe Pitrè anaiyambitsa m'chaka cha 1909.

Pitrè anali dotolo. Poyendera odwala m'makomo mwa amphawi, ankatchera khutu ku nthano, miyambi ndi nyimbo zao, nazilemba m'chilankhulo chao chomwecho. Pakati pa 1871 ndi 1913 anatulutsa mabuku 25 a miyambo ya Sicily.

Nanga nthano zokoma koposa anazitenga kwa yani? Anazimva kwa Agatuzza Messia, mai wosoka zofunda amene anamlera ali mwana. Maiyu sankadziwa kuwerenga, koma mtima wake unali nkhokwe yodzaza. Dotoloyo sanachite manyazi kukhala pansi ndi kuphunzira kwa mlezi wake. Akanazengereza, nkhokwe yonseyo ikanapita nao kumanda.

Apa pali phunziro la ife tonse. Mwana akayamba kudziwa chilembo, kawirikawiri amayesa kuti agogo alibenso chomuuza, ndipo amaseka mtondo ndi lichero zimene zinamdyetsa. Komatu nyumba ya mfumu ikagumuka amisiri amaimanganso, pamene nthano ya nkhalamba ikatayika palibe mmisiri angaibweze.

Inu achinyamata, tchuthi chikubwerachi tengani kope ndi cholembera, mukakhale pafupi ndi agogo madzulo. Mukawafunse za maina a makolo anu, za kumene anachokera, ndi za nyimbo za pamtondo. Inunso makolo, apatseni anawo mpata. Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera, koma kuti agonere, pafunika wina woasunga.