Mwana Akafika Sitandade 5, Tisam'siye Yekha

Tikuyendera mabanja mwezi wathawu, tinapeza mayi wina ali wokhumudwa kwambiri. Mwana wawo wamkazi ankakhoza bwino kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, koma atangolowa Sitandade 5 zotsatira za teremu yoyamba zinabwera zomvetsa chisoni. "Wayamba ulesi ameneyu," anatero mayiwo, ndipo sanabise kuti anali atam'kwapula kale kawiri. Tinapempha kuona makope ake. Anali odzaza, olembedwa mwaukhondo, popanda tsiku lodumpha. Koma titam'pempha mtsikanayo kuti atiuze m'Chichewa zimene analemba dzulo lake pa phunziro la sayansi, anangowerama. Ankakopera zonse za pa bolodi asakumva kanthu.

Uwu sunali ulesi. M'sukulu za boma kuno ku Malawi, ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kwambiri m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe. Akafika Sitandade 5 zinthu zimatembenuka: masamu, sayansi ndi maphunziro ena amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Mwana wa zaka 10 kapena 11 amasenza akatundu awiri nthawi imodzi, phunziro latsopano ndi chiyankhulo chimene sachimva kunyumba. Patsogolo pake pali mayeso a PSLCE a mu Sitandade 8, amene bungwe la MANEB limalembetsa, ndipo ndi amene amatsegula kapena kutseka khomo la ku sekondale. Ambiri a ife timadzidzimuka mwana ali kale mu Sitandade 8, pomwe dzenje linakumbika zaka zitatu m'mbuyomo. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Nanga aphunzitsi amayembekezera chiyani kwa mwana wa m'makalasi amenewa? Kuti afike nthawi yabwino tsiku lililonse, ali ndi cholembera ndi kope la phunziro lililonse. Kuti alembe manotsi yekha, amalize ntchito imene wapatsidwa kukachitira kunyumba, akonze zimene analakwa, ndipo afunse pamene sanamve. Tikumbukire kuti chiyambire maphunziro a ulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza. Mphunzitsi mmodzi sangakhale pambali pa mwana aliyense. Mwana wophokosera amaoneka msanga, koma wachete amene wasochera akhoza kutha chaka osadziwika. Woyamba kumuona ayenera kukhala ife.

Tikudziwa yankho la ena: "Ine sukulu sindinapite nayo patali, Chingerezicho ndim'thandiza bwanji?" Makolo anzathu, kuthandiza mwana sikufuna satifiketi. Madzulo aliwonse timuuze atsegule kope, atiwerengere mokweza zimene walemba, kenako atifotokozere m'Chichewa. Ngati aphunzira za mmene chakudya chimagayikira m'mimba, atiphunzitse ifeyo. Akafotokoza bwino, ndiye kuti wamva. Akakakamira, tapeza pamene pali vuto, ndipo tingapemphe mkulu wake, wachinyamata wa ku mpingo kapena aphunzitsi kuti am'bwerezere. Mphindi 20 zokha n'zokwanira, bola zikhale za tsiku ndi tsiku. Masamu nawonso ali ponseponse: awerengere chenji tikam'tuma kumsika, agawe mtengo wa thumba la chimanga pa ndowa iliyonse.

Thupi nalo limalowa m'kalasi. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Ngati amadzuka 5 koloko m'mawa, pofika 8 koloko usiku akhale ali pa mphasa, foni ndi wailesi ya kanema zitazimitsidwa. Asachoke ndi m'mimba mopanda kanthu. Phala lothira nsinjiro, mbatata yophika kapena nthochi ziwiri si zodula, koma zimam'sunga mpaka kuweruka. Anyamulenso botolo la madzi abwino akumwa. Tionetsetse ngati amatsinzinira poyang'ana patali, amadandaula mutu akawerenga, kapena amafuna tibwereze kawiri tikam'yankhula. Ana ena amene timawatcha mbuli amangolephera kuona pa bolodi kapena kumva bwino, ndipo akufunika kupita kuchipatala osati chikwapu. Agone m'neti chifukwa malungo amadya masiku a sukulu, ndipo azaumoyo akabwera kudzapereka mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, tisam'letse kumwa.

Atsikana ambiri amatha msinkhu ali m'makalasi omwewa. Amayi ndi azakhali, tiwakonzekeretse nthawi isanafike, tiwapezere zodzitetezera ndi sopo, kuti asamajombe masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa cha manyazi. Ntchito za pakhomo nazo zigawidwe mwachilungamo. Si bwino mtsikana azitunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale mpaka mdima, mlongo wake ali phee ndi buku. Ndipo tsiku la msika kapena la kumunda lisakhale chifukwa chojombetsa mwana.

Tisadikire kuitanidwa pa mlandu kuti tikaonane ndi aphunzitsi. Tipite kumayambiriro kwa teremu, abambo ndi amayi omwe, tikafunse mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, mwana wathuyu akuvutika pati, ndipo ife tingachitepo chiyani kunyumba?" Pomweponso ndi poyenera kunena za Sabata. Sukulu zina zimaika maphunziro apadera Loweruka, makamaka kwa a Sitandade 8. Tikafotokoze tokha msanga, osam'siyira mwana kuti akadziyankhire, ndipo tilonjeze kuti Lamulungu adzakopera manotsi kwa anzake n'kumaliza ntchito yonse. Lonjezo limenelo tilisunge. Komanso tisanyoze aphunzitsi pamaso pa ana, chifukwa mwana samvera munthu amene makolo ake amam'peputsa.

Mayi tinawatchula aja anasiya chikwapu. Masiku ano akamasenda mbatata madzulo, mwana wawo amakhala pambali ndi kope, akuwaphunzitsa sayansi m'Chichewa. Sanafikebe pamwamba m'kalasi, koma wayamba kukweza dzanja kufunsa mafunso. Usiku uno, tikatha kudya, tiyeni tiitane wathu n'kumuuza kuti, "Tabweretsa kope lako, undiphunzitse zimene waphunzira lero."