Swichi Ikazima Yokha, Ifufuzidwe

Mvula yoyamba ikagwa pa Msika wa Lundazi, dothi limanyowa, ndipo mawaya amene amadutsa pansi kucokera m'sitolo kupita kwa ometa tsitsi, oocherera zitsulo ndi ogulitsa zakumwa za m'furiji amagona m'matope. Ambiri a mawaya amenewa ngolumikiza-lumikiza, omangidwa ndi pulasitiki. Zimenezi zafikanso m'nyumba za kumidzi kumene magetsi alowa kucokera pamene boma linakhazikitsa Rural Electrification Authority mwa lamulo la mu 2003.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti popeza m'bokosi la pakhoma muli maswichi amene amazima okha, banja lonse ndi lotetezedwa. Cikhulupiriro cimeneci ncolakwika. Maswichi amenewo, pamodzi ndi fyuzi ya ma ampu 13 ya m'pulagi, nchito yao ndi kuteteza waya kuti asatenthe ndi kuyatsa nyumba. Magetsi a m'Zambia ndi a mavolti 230, ndipo mphamvu yokwanira kusokoneza mtima wa munthu njocepa kwambiri, yonga imene babu laling'ono la mawati 7 limadya. Mwana wopanda nsapato angagwire furiji yodontha magetsi nauma pomwepo, swichi ya ma ampu 20 iri cikhalire.

Imene imateteza munthu ndi swichi ina, yochedwa earth leakage kapena RCD. Imazindikirika ndi kabatani kolembedwa T. Iyo imayerekeza magetsi olowa ndi obwerera. Akasiyana ndi ma miliampu 30, ndiye kuti ena athawira pansi, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo imadula sekondi isanathe. Swichi yotere inayambira m'migodi ya golide ya ku South Africa, kumene makolo ena a kuno kum'mawa anagwirako nchito. Injiniya Henri Rubin anaikonza ca m'ma 1955, ndipo itacitika imfa ya mai wina m'nyumba ku Stilfontein, inayamba kuikidwa m'nyumba za anthu.

Codandaulitsa ncakuti ngakhale kumene swichiyi iripo, ena amaiona ngati mdani. Ikazima kawiri katatu pamene makasitomala ali pa mzere, mwini sitolo amaitana mnyamata wodziwa pang'ono za mawaya kuti ailambalale. Malonda amapitirira ndithu, koma cimene cinaizimitsa cikadali pomwepo: nsimbi ya waya wong'ambika, cophikira colowa madzi, kapena cingwe codyedwa ndi makoswe. Njira yace njapafupi. Azule mapulagi onse, akweze swichi, ndiyeno azibweza cimodzi-cimodzi kufikira cipezeke cimene cikuigwetsa. Cimeneco cipite kwa wokonza.

Eni nyumba ndi eni masitolo afunse wamagetsi wa ziphaso ngati swichiyi iri m'bokosi lao, ndiponso ngati waya wa earth analowadi m'nthaka. Kabatani ka T kazidinidwa miyezi itatu iri yonse. Magetsi akapanda kuzima, swichiyo yafa, isinthidwe. Komiti ya msika nayo iri ndi mphamvu yokana waya aliyense wogona pansi mvula isanafike mu November. Ndipo magetsi akazima, monga anali kuzimira maola ambiri mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, munthu asagwire waya poganiza kuti ngwakufa, pakuti ZESCO ikamabweza magetsi sigogoda pa khomo.