Chikhodzodzo cha matumbo n'chodabwitsa, koma musachikhumbire

Kodi mukudziwa kuti dokotala angathe kusoka chikhodzodzo chatsopano pogwiritsa ntchito matumbo a munthu yemweyo? Khansa ikalowerera m'minofu ya chikhodzodzo, madokotala amachichotsa chonse. Kenako amadula matumbo aang'ono otalika masentimita pafupifupi 50, n'kuwang'amba m'litali, kuwapinda ndi kuwasoka ngati kathumba. Timachubu tiwiri tochokera ku impso amatilumikiza ku kathumbako, njira ya mkodzo n'kuilumikiza kunsi. Njira ina, imene Eugene Bricker anaitchukitsa mu 1950, ndi yotulutsira mkodzo pamimba, n'kumagwera m'thumba lomata pakhungu.

Komatu matumbo saiwala ntchito yawo. Amapitiriza kutulutsa zonanda ngati mamina, ndipo amayamwanso mchere ndi asidi wa mumkodzo kubwezera m'magazi. Kathumbako sikakuuza kuti kadzaza ngati mmene chikhodzodzo chobadwa nacho chimachitira. Munthu amakodza poyang'ana wotchi, pakadutsa maola atatu kapena anayi, ndi usiku womwe, mochita kudzikankha ndi minofu ya pamimba. Ambiri mkodzo umawapulumuka ali m'tulo.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a ku Makokola? Likodzo. Nyongolotsi ya Schistosoma haematobium imachoka m'nkhono za m'nyanja n'kulowa pakhungu tikamasambira, kuchapa kapena kukoka khoka. Mazira ake amakanirira m'khoma la chikhodzodzo n'kumalitukusira zaka ndi zaka, mpaka maselo ena amasanduka khansa. Bungwe la IARC linaika nyongolotsiyi pa mndandanda wa zoyambitsa khansa mu 1994.

Maganizo anga ndi awa: opaleshoni imeneyi tiilemekeze, koma tisaidalire. Imatenga maola ambiri, imafuna akatswiri omwe m'dziko muno ndi ochepa, ndipo wodwala wa kuno amayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre. Ambiri amafika khansa itafalikira kale, poti n'kudula sikungathandizenso.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamamva anyamata akuseka kuti kukodza magazi n'chizindikiro cha kukula. Ayi ndithu, ndi zilonda zimenezo. Enanso pa tsiku lolandira praziquantel kusukulu amathawa, akuti amawawa komanso amachititsa chizungulire. N'zoona, makamaka ukamwa usanadye kanthu. Ndiye idyani kaye phala kapena mbatata, mumwe, ndipo akadzabweranso nawo mudzamwenso, poti kunyanjako simusiya kupitako ndipo mankhwalawa sateteza kuti musatengenso likodzo.