Kodi Mtengo ndi Mtengo Basi?

Pali mau amene amamveka kawiri-kawiri mvula ikayamba, pamene akulu-akulu asonkhana pa sukulu kapena pa bwalo la mfumu kudzatsegulira nyengo yobzala mitengo. Mauwo ndi akuti: "Mtengo ndi mtengo, tikadula umodzi, tibzale khumi." Anthu amaomba m'manja, mbande za paini zimalowa m'maenje, alendo amakwera galimoto zao, ndipo onse amabwerera mtima uli m'malo poganiza kuti ngongole ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi yabwezedwa. Ine ndikukana. Mau amenewa ndi bodza, ndipo bodza lomweli ladya kale mtengo wa fuko lathu.

Tiyambe tadziwa banja la painiyo. Akatswiri a zomera amalitcha "gymnosperm", mau a Chigriki otanthauza "mbewu ya maliseche", chifukwa mitengo imeneyi sichita maluwa, ndipo njere zake sizibisika m'chipatso monga za mango kapena masuku. Zambiri zimagona poyera m'kati mwa zibalobalo zouma zija zofanana ndi chitsononkho. Banjali lili ndi mitundu ngati 1,000 pa dziko lonse, m'magulu anai. Gulu lalikulu ndi la mitengo ya zibalobalo, monga paini ndi mkungudza, mitundu yoposa 600. Lachiwiri ndi la ma "cycad", ooneka ngati kanjedza wamfupi ngakhale sali pa ubale ndi kanjedza. Lachitatu latsala ndi mtundu umodzi wokha, ginkgo wa ku China. M'gulu lachinai muli welwitschia wa m'chipululu cha Namibia ndi Angola, amene amakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse.

M'banja limeneli ndimo muli mtengo wautali kopambana onse, redwood wa ku California, woposa mamita 115, ndiponso paini wina wa m'mapiri a komweko amene wapyola zaka 4,800 ali moyo. Koma ukulu ndi ukalamba sizidawateteze ku nkhwangwa. M'chaka cha 1994 ku Australia kudapezeka mtengo wa Wollemi, umene abale ake ankadziwika ndi zidindo za m'miyala zokha, utatsala mitengo yowerengeka m'chigwa chobisika. M'chaka cha 2013 bungwe la IUCN lidalengeza kuti mitundu 34 mwa mitundu 100 iliyonse ya mitengo ya zibalobalo ili pa ngozi yakuti ingathe.

Nanga ife a Malaŵi tili ndi gawo lanji m'banjali? Ambiri angayankhe msanga kuti paini. Iai. Kumwera konse kwa chipululu cha Sahara kulibe paini wachibadwidwe ngakhale mmodzi. Amene adadzaza Chikangawa, Zomba ndi Dedza, Pinus patula, kwao ndi ku Mexico. Pinus kesiya adachokera ku maiko a ku Asia. Athu eni-eni ndi ena. Ku Nyika kuli kankhalango ka Juniperus procera. M'nkhalango zina za m'mapiri muli Podocarpus milanjianus, amene dzina lake lomwe likutchula Mulanje. M'tsinde mwa phiri lomwelo mumamera "cycad" wotchedwa Encephalartos gratus. Ndipo pamwamba pa phirilo ndi pamene pali kwao kwa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, umene sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Mkungudzawu udalembedwa m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1894, ndi kupatsidwa dzina la Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda. Unkatalika mpaka mamita 40. Thabwa lake n'lonunkhira, chiswe sichilidya, ndipo siliola msanga. Omasulira Baibulo adabwereka dzina lake potchula mtengo wa ku Lebanoni umene Solomoni adamangira Nyumba ya Mulungu, ngakhale uwo ndi mtundu wina. M'chaka cha 1984 Dr. H. Kamuzu Banda adautcha mtengo wa fuko la Malaŵi. Ulemu wonsewo udapindula chiyani? Ocheka matabwa mozemba adapitiriza kukwera phiri, moto wolusa unkapsereza mphukira, nsabwe za mitengo zimene zidaoneka m'dziko muno m'chaka cha 1986 zidafooketsa yotsala, ndipo paini wobzalidwa pa phiripo adafesa njere zake ndi kulanda malo. Pamene akatswiri adawerenga m'chaka cha 2017, adapeza mitengo ikulu-ikulu 7 yokha ili chiimire.

Tsono taonani chodabwitsa. Chionongeko chimenechi chidachitika m'zaka zomwezo zimene dziko linkadzitama ndi kubzala. Tsiku lobzala mitengo lidayamba mu Januwale 1976, ndipo pambuyo pake lidasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ku Viphya kudabzalidwa mahekitala ngati 53,000, makamaka a paini, poyembekezera fakitale ya mapepala imene siidamangidwe konse. Pa pepala mitengo inkachuluka, pamene pa phiri mtundu wathunthu unkatha. Izi ndizo zipatso za masamu aja akuti mtengo ndi mtengo: munthu wowerenga mbande zokha sazindikira msanga chimene chasowa, pakuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Wina adzati: "Bambo, inu mumadya katatu, ife tikufuna matabwa ndi nkhuni lero, ndipo paini amakula msanga." Mau amenewa ali ndi choona chake, ndipo sindikuwapeputsa. Madenga a nyumba zathu, madesiki a ana a sukulu, zitseko, ngakhale bokosi limene timaperekezera nalo abale athu ku manda, zambiri ndi za paini. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo ali ndi pogona pake. Salowa kuchipinda ndi kutulutsa eni nyumba. Munda wa paini ndi munda monga wa chimanga kapena wa fodya: umabzala, umalimira, umakolola. Tiutche munda, tileke kuutcha nkhalango.

Amene akukaika alowe m'munda wa paini wokhwima, ayang'ane pansi. Adzapeza mphasa ya masamba ouma onga singano, ndi zomera zina zochepa kwambiri. Akatero alowe m'thengo la mombo, msuku ndi muwanga. M'menemo amai amazula bowa wa mitundu-mitundu, ana amatola masuku, abambo amafula uchi, asing'anga amakumba mankhwala. Palinso nkhani ya madzi. Ku South Africa akatswiri adayeza mitsinje kwa zaka zambiri napeza kuti minda ya paini ndi bulugama imachepetsa madzi otsika m'mapiri, kotero kuti lamulo lao la madzi la 1998 limafuna chilolezo munthu asadatsegule munda wotere. Nanga ife tibzale paini pa kasupe ndi kunena kuti tikusamala madzi?

Apa ndi pamene nkhani ya ku Mulanje ikutikhudza ife a kuno. Nkhalango ya phiri la Ntchisi si ya mkungudza, koma nayonso ndi yosowa: ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'Chigawo cha Pakati. Makolo a Chichewa ankabisala m'menemo pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo boma lidaiika pansi pa chitetezo m'chaka cha 1924. Koma Mulanje nayenso adali wotetezedwa ndi lamulo. Amene ayenda pa mseu wa ku Dowa aona okha m'mene zitunda zidayerera ndi nkhuni, makala ndi zigafa za fodya. Tikavomera kuti mtengo ndi mtengo, tsiku lina munthu adzagwetsa kachere wa zaka mazana ku Ntchisi, nadzatilipira mbande khumi za m'machubu, ife ndi kuomba m'manja.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Inu mafumu, patulani malo a paini pa zitunda zoguga, kutali ndi akasupe ndi malire a nkhalango, kuti wofuna thabwa alipeze pafupi asadaganize zokwera phiri. Inu alangizi a za nkhalango, potiuza mbande zimene zabzalidwa, mudzitiuzanso mtundu wake, ndi zimene zidakali moyo pakapita zaka zitatu. Inu alimi, lekani kuzula zitsa za mitengo yachilengedwe m'minda mwanu. Zambiri zimaphukanso mukazitengulira ndi kuziteteza ku moto ndi mbuzi.

Ku Mulanje, kuyambira 2016, midzi yozungulira phiri pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust yabzala mbande za mkungudza mazana a zikwi. Ntchitoyo ndi yotamandika, koma obzalawo sadzaiona mitengoyo itafika msinkhu wa imene idagwa. Ife ku Ntchisi mitengo yathu ikulu-ikulu idakali chiimire, ndipo kuisunga lero n'kotsika mtengo kuposa kudzaifesanso mawa.