Sikelo Yonama Sidzaza Nkhokwe

Abale ndi alongo a ku Chinyunyu ndi midzi yonse ya m'boma la Rufunsa, palibe mlimi pakati panu amene sadziwa kuipa kwa sikelo yonama. Wogula cimanga akapotoza sikelo yake kuti thumba lodzaza lioneke lopepuka, mumati ndi mbala. Nanga sikelo ikanama mokukomerani, nkulemba makilogramu 50 pa thumba la theka limene muti musunge? Tsiku limenelo mudzasekera, koma m'nkhokwe simunaonjezeke kanthu, ndipo njala ya mu Januwale idzakupezani ndithu. Mayeso a kusukulu nawonso ndi sikelo, ndipo nchito yake ndi kutiuza zoona za zimene zili m'mutu mwa mwana.

Mu 2021, ndili pa ulendo wa nchito m'dera lino, ndinaima pa mudzi wina pafupi ndi mseu waukulu wopita ku Chipata. Ndinapeza mai wina wokalamba atagula botolo la mankhwala opopera ndiwo za m'dimba. Anaitana mdzukulu wake wa Giredi 8 kuti awerenge mlingo wothira m'madzi. Mnyamatayo anayang'ana botolo nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka, koma mau osatuluka. Agogowo anadabwa nati, "Koma mayeso anakhoza mwana uyu." Sanali kunama. Dzina lake linalidi pa mndandanda wa opita ku Giredi 8.

Kodi zinatheka bwanji? Kwa zaka zingapo, kufikira mu 2022, mwana aliyense amene analemba mayeso a Giredi 7 anali kupita ku Giredi 8, kaya wapeza malikisi ambiri kaya ocepa. Colinga cinali cabwino, cakuti mwana asatayidwe kunja akali wamng'ono. Koma makolo ambiri anamva ngati ana onse akhoza, ndipo anagona tulo. Mwana amene analephera kuwerenga mu Giredi 2 anangokankhidwa caka ndi caka mpaka anafika ku sekondale ndi vuto lake lomwelo.

Wina angati, mnyamata mmodzi si dziko lonse. Ndi zoona, koma tamverani izi. Mu 2017 ana a sukulu a zaka 15 muno m'Zambia anayesedwa pa kafukufuku wa maiko wochedwa PISA for Development. Pa ana 100 alionse, 5 okha ndiwo anafika pa mlingo woyambira wa kuwerenga momvetsa, ndipo pa masamu anali 2 okha. Amenewa anali ana okhala pa desiki, obvala yunifomu, amene maina awo anali kuitanidwa m'kaundula m'mawa uliwonse.

Pepala likayamba kulemekezedwa koposa nzeru, cinyengo cimalowa. Kuyambira mu 2016 malamulo a dziko amafuna kuti wopikisana pa ukhansala kapena uphungu akhale ndi satifiketi ya Giredi 12, ndipo nchito zambiri zimafunanso pepala lomwelo. Mu 2017 bungwe loyang'anira aphunzitsi, la Teaching Council of Zambia, linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 ali ndi masatifiketi abodza. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso kwa kanthawi cifukwa mafunso anali atafalikira pa mafoni tsiku lolemba lisanafike. Kholo limene lipatsa mwana ndalama zogulira mafunso obedwa lidziwe kuti likugula thumba la mankhusu. Tsiku lina amene anakhoza mwa njira imeneyi ndiye adzapima mankhwala a mwana wanu ku cipatala.

Kuyambira ndi mayeso a 2023, Nduna ya Zamaphunziro, a Douglas Syakalima, inathetsa kupita ku Giredi 8 kwa cisawawa. Caka cimeneco pafupifupi ana 3 pa ana 10 alionse sanakhoze. Ambiri anadandaula, koma ine ndikuti boma linacita bwino. Anawo sanayambe kulephera mu 2023 ai. Anali kulephera kuyambira kale, kungoti sikelo inali isananene.

Komabe dandaulo la makolo lili ndi mutu. Mwana wa zaka 13 akauzidwa kuti walephera, kuno kumudzi timadziwa kumene amapita. Mnyamata amalowa m'chire kukaocha makala, nkumakagulitsa m'mbali mwa mseu, ndipo mtsikana amakwatiwa msanga. Sitifunanso kubwerera ku masiku amene malo a Fomu 1 anali ocepa, ana anzeru nkumatsalira pakhomo cifukwa ca kusowa kwa makalasi. Koma mankhwala a vutoli si kunamiza mwana. Wolephera abwereze, athandizidwe, ndipo koposa zonse vuto lake lipezedwe akali m'makalasi oyambirira. M'mera mpoyamba.

Boma layamba kucita mbali yake. Mu Januwale 2022 linacotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi 30,496, ndipo ndalama za citukuko za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ana anabwerera ku sukulu mwa unyinji, makalasi nkudzaza. Ici ndi cinthu cokondweretsa, koma mphunzitsi mmodzi pakati pa khamu la ana sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga. Mpata umenewu ndi wathu ife makolo kuutseka.

Cotero ndikupempha zinthu zitatu. Coyamba, madzulo ano itanani mwana wanu wa Giredi 3 kapena 4, mumpatse buku la Cinyanja kapena nyuzipepala ino, awerenge mokweza, kenaka afotokoze zimene wawerenga. Ngakhale inu amene simunapite ku sukulu mudzamva ndi makutu anu ngati akudziwa kapena akungopeka. Caciwiri, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musamangofunsa kuti akhoza angati. Funsaninso kuti ndi ana angati a Giredi 4 amene angawerenge kalata, ndipo otsalawo akuthandizidwa bwanji. Cacitatu, inu atsogoleri a nthambi ndi a makomiti a citukuko m'mawadi, pokambirana za CDF ikani patsogolo makalasi, madesiki ndi nyumba za aphunzitsi, pakuti mphunzitsi wopanda pogona sakhalitsa kumudzi. Mafumu nawonso aletse kutuma ana ku munda kapena ku ng'ombe pa masiku a sukulu, cifukwa mwana wojomba sabata zitatu nthawi ya kupalira sabwezanso zimene anzake aphunzira.

Mnyamata uja wa botolo la mankhwala sanali citsiru. Anali mwana amene tonsefe tinamuuza kuti zonse zili bwino pamene sizinali bwino. Tiyeni ang'ono ake tiwauze zoona nthawi ikalipo yowathandiza.