Kukongola kwa Shire kukuthera m'mbaula zathu

Anzanga a mumsika wa Limbe ndi Ndirande, sabata yathayi ndinakwera matola kukaona azakhali ku Midzemba, m'boma la Neno. Ndinakhala kumbuyo pamwamba pa matumba a ufa, ndipo ndikuuzeni, dziko limaoneka bwino uli pamenepo.

Ukangopitirira Lirangwe, msewu umatsetsereka kulowa m'chigwa ndipo kutentha kumakulandira ngati wasuzumira mu uvuni. Milambe ikuluikulu ili apa ndi apo, mapiri a Neno akuonekera chapatali. Pamlatho wa Zalewa, Shire ndi uyo! Kumunsi kwake amathamanga pakati pa matanthwe, kudutsa Nkula, Tedzani ndi phompho la Mpatamanga mpaka kukafika pa Kapichira, m'mphepete mwa nkhalango ya Majete. Alendo akunja amalipira ndalama zankhaninkhani kudzaona zimenezi, ine ndinangolipira ya matola basi.

Koma abale, mtima unandiwawa. M'mbali mwa msewu matumba a makala angoti ndandanda. Azakhali akuti kale kunali mitengo ya tsanya yothithikana, lero ndi zitsa zokhazokha.

Nanga makalawo amapita kuti? Si m'mbaula zathu zomwezi, zootchera chimanga ndi kanyenya? Mvula ikagwa, dothi la m'mapiri opanda mitengo limakokolokera mu Shire. Matope amakadzaza pa Nkula, pomwe anayamba kupanga magetsi mu 1966, ndi pa Tedzani, pomwe anayamba mu 1973. Makina akatsamwa, magetsi thi! Wometa tsitsi manja lende, nyama ya mufiriji yanunkha, ndiye tonse liwiro kukagulanso makala. Mwaiona nkhaniyo?

Wootcha makala sindikumunyoza ayi. Kuchigwa mvula ndi yanjomba ndipo ana akufuna fizi. Koma taonani za Majete. Pofika 1992 njovu zonse zinali zitatha. African Parks italowamo mu 2003, njovu zinabwerera mu 2006, mikango mu 2012. Chinthu chikatha chimatheka kubwerera, bola anthu atatsimikiza.

Ndisaname, pobwerera nanenso ndinagula thumba langa pa Zalewa, poti kumeneko n'kotchipa. Ndafika nalo kunyumba manyazi ali tho. Mwezi ukatha ndikugula mbaula yadothi yosadya makala ambiri, ndipo mvula ikayamba ndikadzala mitengo khumi kwa azakhali. Nanga inu amayi a tomato, achimwene a tchipisi, mupangapo chiyani?